Mabogi a Bere Limodzi

Anabwera asanu ndi mmodzi tsiku limodzi,
chaka chimene ndinagulula dzino loyamba.
Bambo anandinyamula paphewa kuchokera ku Rugare
kukawaona ku Lochinvar, utoto ukadanunkha,
mipando ikadafunda mapulasitiki ngati akwati.
"Awa ndi a bere limodzi," anatero.
"Bawuti ya uyu imalowa mwa uyo.
Chitseko ukachizula kuno, chikakwana uko."

Bambo anali munthu wa nyundo.
Sitima isananyamuke ankayenda chowerama m'mbali mwake,
kugogoda gudumu lililonse, khutu tcheru.
Lamoyo limati ngweee, n'kumapitirira;
long'aluka limangoti phwa, ngati chikho chosweka.
Zaka makumi atatu a Layitoni Chimtengo anamvera chitsulo,
mtchona wa ku Ntcheu
woloweza masiteshoni onse mpaka ku Mutare
koma wosagulapo tikiti yakwawo.

Akuluakulu a njanji anawagawa mabogi aja
monga agawira ana amasiye pa tsiku lometa.
Awiri kumadzulo, usiku wonse: Norton, Chegutu, Kadoma,
asilikali atagona pa zikwama zawo.
Awiri kum'mawa: Marondera, Macheke, Rusape,
amayi a madengu a mapeyala akuwerenga tchenji pachilolo.
Mmodzi sankapita kutali,
Mufakose m'bandakucha, Mufakose chisisira,
anthu thithithi mpaka pa masitepe,
wina akulalikira, wina akugulitsa mabatire.
Wotsiriza anabwerekedwa kutsidya kwa malire.
Akuti anamupaka utoto wina, nambala inanso.
Sitinamumvenso.

Ine ndinakula n'kutenga tsache.
Ndimawadziwa monga mayi adziwira chifuwa cha mwana aliyense:
uyu zenera lachitatu silitsika,
uyo nyali yake imaphethira akamakhota.
Pansi pa mipando ndatolamo makoko a mtedza, zitsononkho,
nsapato imodzi ya khanda,
kalata ya chipatala yopindidwa kanayi
imene sindinayenera kuwerenga,
koma ndinawerenga, n'kukhala kaye pansi.

Lero atatu agona pa njanji yakufa kuseri kwa shedi.
Chisoso chamera pakati pa magudumu,
nkhunda zamanga pamene pankakhala masutikesi.
Amakanika amabwera ndi sipanala Lolemba,
kuzula buleki mwa wogona, kukaveka woyenda.
Mchimwene akuyendera mwendo wa mlongo wake,
ndipo wokwera sadziwa
kuti chitseko wagwiracho chinali cha ku Bulawayo.

Kwathunso tinali asanu ndi mmodzi.
Filesi ali ku Joni, amasamalira nkhalamba za eni.
Gelesomu anawolokera ku Tete,
akuti amayankhira dzina lina tsopano.
Awiri tinawasiya ku Warren Hills pafupi ndi bambo.
Esinta amasoka mayunifolomu ku Mbare.
Mwezi ukatha foni imalira: ndalama yalowa,
yochokera kwa amene sanadye bwino kuti ine ndidye.
Ndimaigawa patatu, ina ya lendi, ina ya fizi,
ina ndimatumiza kumene kwaphwa mpweya.
Bawuti ya uyu imalowadi mwa uyo.

Dzana, nditaweruka, sindinalunjike kunyumba.
M'chikwama munali nyundo ya bambo,
mpini wake wosalala ngati chipumi cha mwana.
Ndinapyola mpanda pamene waya anaduka,
ndinawerama monga ankaweramira,
n'kugogoda gudumu la wogona wapakati,
amene anali ndi mapulasitiki tsiku lija.

Ngweee.

Linalira mpaka nkhunda zinabalalika,
mpaka mlonda anakuwa m'Chishona kufunsa kuti ndani,
ine n'kuyankha m'chinenero cha bambo
kuti ndine wa pano.

Anandiunika ndi tochi, nandizindikira, naseka.
"Amai, mukufuna chiyani kwa akufa?"
Ndinati gwira apa, chitsulo chikadanjenjemera.
Anagwira. Sanasekenso.

Gudumulo lilibe mng'alu.
Langosowa womuuza kopita.